Tsiku Limene Trinity Anagwera pa Mbaula

"Tchulanso, wasiyako," anatero Estina osadzutsa mutu. Ankadula repu m'mbale imene anaiika pamiyendo, buku lili chitsegukire pambali pake.

"Lusaka, Chongwe, Kafue, Luangwa..." Trinity anawerenga pa zala maboma a m'chigawo chawo cha Lusaka, kenako anaseka. "Na Rufunsa yathu, yamene mu buku mulibe. Iyi buku ni nkhalamba kuposa ba hedi."

Linali Lolemba masana, dzuwa la Okutobala lija limene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Atsikana asanu ndi awiri a m'tinyumba ta ba Clementina, kuseri kwa sukulu ku Mpanshya, anali pabwalo ndi mbaula zawo. Onse anali ochokera kutali, ana odziphikira okha, amene kwawo amangopitako kukatenga ufa mwezi ukatha. Estina ndi Trinity anali a kanyumba ka kumapeto. Chaka chachiwiri tsopano ankagona pamphasa imodzi, kufunda bulangeti limodzi, ndipo chitayikire kapu ya Trinity ankamweranso kapu imodzi yobiriwira ya pulasitiki. Mayeso a giredi naini anali atatsala milungu itatu.

Mpeni unaterereka n'kumucheka Estina chala chachikulu. Anachiyamwa kwinaku akutukwana mpeniwo, ndipo ndi pomwepo pamene Trinity anakuwa.

Anakuwa kamodzi kokha, mawu ochokera pansi pa mimba, ngati mbuzi imene chingwe chaithina pakhosi. Estina atadzutsa mutu anaona mnzake atauma gwa, maso atatembenuka, akugwa chammbali. Poto wa nyemba anagubuduka. Mkono wa Trinity unakagwera pambaula penipeni, ndipo thupi lonse linayamba kugwedezeka, zidendene zikumenya pansi.

"Khunyu!" anakuwa Victory, mtsikana wa giredi leveni amene mawu ake ankamveka mpaka kuchigayo. "Ni khunyu iyo! Thawani! Tsekani mphuno!"

Bwalo linabalalika ngati anapiye aona mphamba. Estina nayenso anathawa. Tisamunamizire kulimba mtima ayi, anathawa ndithu, dzanja lili pamphuno, repu ali mbwee pansi. Kwawo ku Shikabeta mwana aliyense amalidziwa lamuloli asanadziwe n'kuwerenga komwe: munthu akagwa khunyu, mpweya umene akutulutsa ndi malovu ake ndiwo matendawo, ukapuma kapena kukhudza zako zada. Amayi ake ankamuuza zimenezi akuloza ba Oswell, bambo wa kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, wa dzanja lopsa lopindika, amene ankadyera mbale yakeyake ndipo ngakhale pamaliro ankakhala yekha pachulu.

Atafika pamtengo wa mango anacheuka. Chitenje cha Trinity chinali chitagwira moto m'mphepete, ndipo mkono unali ukadali pamakala.

Mpaka lero Estina sangafotokoze kuti anabwerera bwanji. Miyendo inangopita yokha, mutu ukukana. Anakankha mbaula ndi phazi, makala n'kumwazika, anamukoka Trinity m'khwapa, n'kuzima chitenje ndi mchenga. Mutu wa mnzakeyo unkamenya pansi, choncho anaugwira n'kuugoneka pamiyendo pake. Thovu linkatuluka m'kamwa, kwina loyera kwina lofiirira magazi, likuyenderera m'manja mwa Estina.

"Muikeni sipuni m'kamwa, azameza lilime!" anakuwa ba Clementina, mwini tinyumbato, ataima pakhonde lawo atatseka mphuno ndi chitenje. Sipuniyo anaiponya ali patali. Inakagwera munyemba zotayika zija, ndipo palibe anaitola.

Kugwedezeka kuja kunayamba kuchepa mpaka kunaleka. Trinity anapuma mwamphamvu ngati munthu wotuluka m'madzi, n'kutsegula maso osadziwa kanthu. Siketi yake inali itanyowa. Estina anavula chitenje chake n'kumufunditsa, kuti maso amene ankasuzumira kuseri kwa tinyumba asaone.

"Nili kuti?" anafunsa Trinity.

"Uli na ine. Khala chabe."

Ba Clementina anatulutsa njinga yawo n'kuitsamiritsa pamtengo, iwo n'kubwerera m'mbuyo. Estina anamukweza yekha mnzake pakaliyala n'kumukankha mpaka kuchipatala cha mishoni, ba Clementina akutsatira patali ngati munthu wongodutsana nawo njira. Anamwino anamugoneka Trinity m'chipatalamo chifukwa cha bala la motolo.

Pobwerera Estina anapeza bwalo litasesedwa, pamene anagwera Trinity atathirapo phulusa. Atsikana anali ataunjikana pakhomo la Victory.

"Estina," anatero Victory, "onetsa chala."

Za chala iye anali ataiwala. Anachitukula. Bala la mpeni lija linali yasa, ndipo m'mphepete mwake thovu linali litaumira.

"Mayo ine!" Victory anagwira pakamwa. "Yaloba mu magazi. Kazini wanga ku Chinyunyu inamugwira so chabe, anapukuta mwana wa neba. Masiku folo, anagwa pa chitsime."

Estina sanadikire kumva zambiri. Anathamangira kuseri kwa bafa n'kuyamba kutsuka chalacho. Anatsuka ndi sopo, kenako phulusa, kenako mchere, mpaka wina anamubweretsera palafini m'kachitsekero ka botolo. Anachikhula mpaka magazi anayambiranso, misozi ikugwera pomwepo.

"Sitikuthamangitsa iwe," anatero Victory atamuimira patali. "Bwera ugone kwathu, pafupi na chitseko. Koma kapu na mbale, vako vako."

Victory sanali woipa mtima. Anali wamantha chabe, koma wamantha wa mawu aakulu, ndipo mantha oterowo amafalikira msanga. Estina analowa m'kanyumba ka kumapeto atagwira mpweya, anatola zovala ndi mabuku ake, n'kutuluka. Mphasa, bulangeti ndi kapu yobiriwira anazisiya momwemo.

Masiku anayi! Kuyambira pamenepo thupi lake lomwe linasanduka mdani. Chikope chikaphethira chokha, ndiye kuti yayamba. Mwendo ukachita dzanzi, ndiye kuti yafika. M'kalasi anasamukira kumbuyo, pafupi ndi khoma, kuti akagwa agwere pobisika, ndipo anamanga juzi m'chiuno dzuwa likuswa mtengo, poopa kudzinyowetsa pamaso pa anyamata. Aphunzitsi ankalemba masamu pabolodi, iye akuona ba Oswell ali pachulu ndi mbale yawo. Ankadziona iye mwini atakhala pambali pawo, amayi ake akumukankhira chakudya ndi ndodo. Chakudya sichinkatsika kukhosi.

Kuchipatala sanapiteko. Akaganiza za Trinity mtima unkamupweteka, koma pomwepo mkwiyo unkabwera kudzamuthandiza. Zaka ziwiri mphasa imodzi, osanena! Ankauzana zonse, za anyamata, za kumwezi, za bambo ake a Estina ndi mowa wawo, koma ichi chokha anabisa. Mkwiyo unali wopepuka kusenza kuposa manyazi, choncho anaugwiritsa.

Lachitatu madzulo ba Clementina anawasonkhanitsa onse pansi pa mango.

"Natumira batate bake foni," anatero. "Babwera pa Chisanu kumutenga. Ine sinizonda mwana wa munthu, mwana wa mnzako ni wako. Koma mwana wakugwa sangankhale yekha mu nyumba yanga. Akagwera pa mbaula kulibe munthu, nizakamba chani kwa makolo bake? Ngati alipo wamene angankhale naye, usiku na usana, ankhale. Alipo?"

Maso onse anapita kwa Estina. Iye anayang'ana zala za kumapazi kwake ngati akuziona koyamba.

"Nanga mayeso?" anafunsa mtsikana wina chapansipansi.

"Mayeso yaposa moyo?" anayankha ba Clementina, n'kudzuka.

Aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Kwawo kwa Trinity unali ulendo wa tsiku lathunthu panjinga, ndipo palibe amene angachoke kumeneko m'mawa n'kudzalemba mayeso ku Mpanshya. Akapita Lachisanu ndiye kuti giredi naini yapita naye.

Lachinayi masana Estina anapita kumjigo. Anapopa kasanu, kasanu ndi kamodzi, kenako m'maso munada bii, m'makutu mukulira ngati nyenje. Anagwira chitsulo cha mjigo n'kutsetsereka mpaka pansi. Yafika, anaganiza. Mayi Mariya, yafika, ndipo sanakwane n'komwe masiku anayi. Anadikira kuti thupi liyambe kugwedezeka. Silinagwedezeke, koma iye sanadikirenso. Anasiya ndowa pomwepo n'kuuyamba wa kuchipatala, akuyenda m'mbali mwa msewu momwe munali mchenga, kuti akagwa asavulale.

Tinene zoona, sankapitira Trinity. Ankapitira khungu lake.

Anamulandira ba Harriet, namwino wonenepa wa magalasi omangirira chingwe, yemwe uja anamugoneka Trinity Lolemba.

"Ba sista, khunyu yaniloba," anatero Estina.

"Yalobera kuti?"

"Apa."

Ba Harriet anachitembenuza chalacho. Chinali chitatupa, chofiira, chikutuluka madzi.

"Ichi chala wachichita chani?"

"Ninasuka na sopo. Na phulusa. Na mchere. Na palafini."

"Wasiya chabe tomato na anyezi, sembe taphika," anatero ba Harriet akutenga thonje. "Unadya liti?"

"Pa Mande."

"Lelo ni pa Chinayi. Chizungulire chako dzina lake ni njala, mwana wanga." Anatsuka balalo, Estina akuluma mano. "Mvera. Khunyu inkhala mu bongo. Siyenda mu malovu, siyenda mu mphepo, siyenda mu kapu. Ine nagwira banthu bakugwa zaka fotini. Wanionapo nagwa?"

Estina anapukusa mutu mwaulemu. Koma mumtima ankati, inu muli ndi magolovesi, ndiponso ndani akudziwa jakisoni amene mumabayana nokhanokha. Mawu a amayi ake anali atakhala m'mutu mwake zaka khumi ndi zisanu, a ba Harriet anali asanathe ndi mphindi zisanu zomwe.

"Ndiwe unamuchotsa pa moto, si so?" anapitiriza ba Harriet akumanga bandeji. "Sembe unachedwa pang'ono, uja mkono sembe tikamba vina. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, iwe unazima. Manje masiku yatatu yonse uli kuti? Chitseko chikangotseguka ayangana. Wodi ya bakazi, bedi ya pa windo. Yenda."

Kukana kunalibe malo. Estina anapita.

Trinity anali atakhala tsonga, mkono utakulungidwa kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono, mlomo utatupa pamene anadziluma. Atamuona nkhope yake inawala, koma kuwalako kunazima ataona kuti Estina waima kumapazi kwa bedi, manja ali kumbuyo.

"Wabwera."

"Nabwera."

Pabedi lapafupi mayi wina ankayamwitsa mwana. Anawayang'ana onse awiri, kenako anatembenukira kukhoma.

"Bwanji sunaniuze?" Estina anafunsa, mawu akutuluka aukali kuposa mmene ankafunira. "Zaka zibili, Trinity!"

"Sembe ninakuuza, sembe unagona na ine pa mphasa imodzi?"



"Yaja mapilisi ya mu botolo ya vaselini," anapitiriza Trinity, "yamene ninakuuza ati ni ya mutu. Ni ya khunyu. Nikamamwa sinigwa. Zaka zitatu sininagwepo. Koma yabweretsa tulo maningi."

"Manje unagwa bwanji?"

"Ninaleka kumwa. Masabata yabili."

"Chifukwa chani?"

Trinity anayang'ana kunja kwa windo, kumene zovala za odwala zinali pachingwe.

"Unakamba ati nikapitiliza kugona pa buku, uzayenda ku giredi teni wekha."

Estina anakumbukira. Ananenadi, tsiku lina akuwerenga pansi pa mango, akumutsina pantchafu n'kumutcha Mai Tulo. Ankaseka ponena zimenezo, ndipo Trinity nayenso anaseka. Iye anaiwala tsiku lomwelo, osadziwa kuti mnzake wazitenga n'kukagona nazo.

"Ninali kuseka chabe," anatero chapansipansi.

"Niziba. Koma vinali va zoona." Trinity anakonza bandeji ya pamkono wake. "Ku giredi folo ninagwa mu kalasi. Bananichotsa zaka zibili, ndiye chifukwa nili mukulu pali iwe. Apa nikayenda sinizabwerera, batate balema. Buku yanga ya masamu utenge, ili pansi pa mphasa. Ma pasiti pepa yali mukati."

Kenako anaona bandeji ya pachala cha Estina.

"Ni mpeni uja? Onetsa."

Anatambasula dzanja lake labwino. Estina anabwerera m'mbuyo. Linali phazi limodzi lokha, ndipo sanachite kuganiza, koma Trinity analiona. Dzanja lija linaima m'malere pang'ono, kenako linabwerera n'kukabisala pansi pa nsalu.

"Osayopa," anatero Trinity mofatsa. "Sinizakugwira."

Bwenzi atamutukwana zikanakhala bwino. Estina anatuluka m'wodimo osatsanzika, anakaima kuseri kwa chingwe cha zovala chija, n'kulira ngati mwana wotayika pamsika. Ankadzida, komabe mantha sanasunthe ngakhale pang'ono. Zinthu ziwirizi zinakhala limodzi m'chifuwa mwake mpaka kunja kunacha.

Lachisanu, tsiku lachinayi la Victory, Estina anadzuka akudzimvetsera thupi lonse. M'kalasi sanamve kanthu. Poweruka masana anapeza njinga yachilendo itatsamira pamango, yakuda, yomangidwa malamba m'malo ambiri. Ba Phinias, bambo ake a Trinity, anali atakamutenga kale mwana wawo kuchipatala. Anali munthu wowonda, wa buluku lomangidwa mphira m'akakolo, fumbi la ulendo lili mbuu mpaka m'nsidze. Anali atanjuta pamaso pa ba Clementina, akuomba m'manja.

"Mwatisungira mwana zaka zibili, amai. Zikomo. Ivi ise tinazolobera, musadandaule."

Kuzolowera kumeneko ndi kumene kunamupweteka Estina. Munthuyo sanakangane, sanapemphe n'komwe. Analowa m'kanyumba ka kumapeto, natulutsa mphasa, bulangeti, kathumba ka ufa ndi mabuku, n'kuyamba kumanga pakaliyala. Trinity anakhala pachitsa, maso pansi. Atsikana ena anaimirira pakhomo la Victory, pamtunda woti mphepo isawafike.

"Nanga wamene anamuchotsa pa moto ni uti?" anafunsa ba Phinias.

Ba Clementina analoza ndi mlomo. Bamboyo anabwera kwa Estina, anavula chipewa, n'kutambasula manja onse awiri ngati akupatsa moni munthu wamkulu.

"Mwana wanga, nilibe chokupatsa. Mulungu yekha."

Estina analandira moniwo, ndipo ndi pamene anachiona chala chawo cholozera. Chinali chopindika, chokhala ndi chipsera chakuya chozungulira, ngati chinapanidwa ndi msampha. Ba Phinias anaona kumene maso ake anali, naseka.

"Ichi? Ni mnzako uyu. Anali na zaka sikisi, tsiku yoyamba kugwa. Ine osaziba, ninamuika chala m'kamwa ati asameze lilime. Ananiluma mpaka pa fupa. Ba sista banatikalipira pambuyo, ati m'kamwa osaikamo kanthu."

Estina anachiyang'anitsitsa chalacho. Mpaka pafupa. Mano, malovu, thovu, zonse m'magazi, popanda golovesi, popanda jakisoni. Anawerengera mumtima: zaka khumi ndi chimodzi. Ndipo munthuyu anali atapalasa njinga kuchokera mbandakucha.

"Batate," anafunsa Estina, "imwe simunagwepo?"

"Ine? Nagwa maningi, mwana wanga. Pa njinga, mu mchenga wa kwanu ku Shikabeta." Anaseka yekha, n'kubwerera kukamanga katundu.

"Benangu siibagwira," ananong'oneza Victory kumbuyo, mokweza ndithu monga mwa nong'onong'o zake. "Magazi yasiyana. Tsiku ikalibe kusila, Estina."

Ndipo mantha amene anayamba kumasuka anamanganso. Nanga ngati Victory akunena zoona? Nanga ngati magazi a ba Phinias ndi ena, a Estina ndi ena? Palibe akanamutsimikizira, ngakhale ba Harriet ndi magalasi awo.

Katundu anatha kumanga. Victory analowa theka m'kanyumba kaja ndi kamtengo, n'kutulutsa kapu yobiriwira akuikankha pansi ngati khoswe wakufa.

"Na iyi mutenge. Olo itayidwe mu chimbudzi."

Ba Phinias anaitola, naipukuta ndi malaya. Pahandulo ya njinga panali kachigubu ka munkoyo, chakumwa cha chimanga ndi mizu chimene ankawabweretsera atsikana awiriwa nthawi zonse akabwera. Anathira m'kapumo n'kumupatsa mwana wawo.

"Imwa, njira ni itali."

Trinity anamwa pang'onopang'ono chifukwa cha mlomo wotupa uja. Atafika theka analeka. Kwa zaka ziwiri theka linalo linali la Estina, ndipo dzanja lake linayamba lokha kulowera kumene mnzake anaima. Kenako anakumbukira. Anabweza dzanjalo n'kupendeketsa kapu kuti atayire pansi.

"Leta."

Estina sanadziwe kuti waitanitsa kapuyo mokweza mpaka ataona onse akumuyang'ana. Anayenda masitepe asanu amene anali pakati pawo. Anailanda kapuyo. M'mphepete mwake munali monyowa, pamene panali mlomo wa Trinity. Anaona ba Oswell pachulu, anamva mawu a amayi ake, anamva Victory akuti "Yesu!" Anatseka maso, anaika mlomo wake pomwepo, n'kumwa mpaka kugugudiza.

Munkoyo unali wowawasa pang'ono, monga unkakhalira nthawi zonse.

"Masulani katundu, batate," anatero akupukuta pakamwa. "Nizankhala naye."

Ba Phinias anayang'ana ba Clementina. Ba Clementina anayang'ana Estina nthawi yaitali.

"Uziba vamene ukamba, iwe mwana? Amai bako bakamva?"

"Bazakalipa."

"Suyopa?"

"Niyopa, ba anti. Niyopa maningi." Estina anaikumbatira kapu ija pachifuwa. "Koma mwakamba mweka ati ngati alipo, ankhale. Nilipo."

Ba Clementina anapumira m'mwamba, anamanganso chitenje chawo, n'kunena kuti mawu awo sabweza, koma mbaula isadzalowenso m'nyumba ngakhale kugwe mvula yamatalala. Trinity anawerama. Anangobisa nkhope m'chigongono cha mkono wake wabwino, mapewa akugwedezeka, ndipo kwa kamphindi mtima wa Estina unaima poganiza kuti yayambanso. Kunali kulira wamba.

Ba Phinias anamasula malamba pang'onopang'ono, ngati akuopa kuti wina asintha maganizo. Atatha anamuitanira Estina pambali n'kumuphunzitsa, akuonetsa ndi kathumba ka ufa kaja: kumugoneka chammbali, kuika chitenje pansi pa mutu, kuchotsa moto ndi madzi pafupi, m'kamwa osaikamo kanthu, ndipo ikachedwa kuleka kuthamangira kwa ba sista. Anamupatsanso kabotolo ka vaselini, kodzaza mapilisi atsopano.

"Tsiku na tsiku, osalumpha," anatero.

"Nizamumwetsa nekha," anayankha Estina. "Olo alile."

Dzuwa litapendeka njinga yakuda inanyamuka yopanda katundu. Atsikana ena anasamutsira mbaula zawo kutsidya kwa bwalo, ndipo Victory anamuponyera Estina zovala zake pakhomo osamuyang'ana. Kumapeto kuno kunatsala awiri okha, poto wa nyemba ali pamoto. Chikope cha Estina chinaphethira chokha. Anagwira mpweya, anadikira, anawerenga mpaka makumi awiri. Palibe chinachitika, koma ankadziwa kuti mawa adzawerenganso.

"Tchula," anatero, akutsegula buku pamene analekezera Lolemba.

 Trinity anali atatsamira khoma, mutu utagwera paphewa, tulo ta mankhwala titamutenga. Zala za Estina zinapita zokha pantchafu ya mnzake kuti zimutsine, monga mwa masiku onse. Zinaima panjira. Anapinda ngodya ya tsambalo, anatseka buku, nakankhira mbaula kutali ndi phazi. Kenako anasuntha n'kukhala pakati pa Trinity ndi moto, kudikira kuti adzuke.